Kwa achinyamata ofuna kujambula abakha a m'chigwa cha Shire

Masiku ano pafupifupi mnyamata kapena mtsikana aliyense wa ku Nchalo, ku Ngabu ngakhale ku Bangula ali ndi foni yojambula, ndipo ena mwa inu mwayamba kuloza mafoniwo kumadzi. Zithunzi zanu ndaziona. Zambiri n'zofanana: madzi otuwa, bango chapatali, ndi timadontho takuda pakati timene mwini chithunzi amalumbira kuti ndi abakha. Akatero amayamba kudandaula kuti foni yake n'njotchipa, kuti akanakhala ndi kamera ngati ya alendo obwera ku Majete bwenzi dziko lonse litamudziwa. Ine mbalame za m'chigwa muno ndinayamba kuzijambula nthawi ya filimu, pamene munthu unkadikira masabata kuti zithunzi zikatsukidwe ku Blantyre, ndiye mverani. Mlendo wa kamera yaikulu uja amagona masiku awiri n'kumapita. Inu mumakhala konkuno dzinja ndi chilimwe. Iye lenzi yaitali angagule, koma kulibe sitolo yomwe ingamugulitse kudziwa kuti pa thamanda lakutilakuti zipweyo zimatera nthawi yanji ndipo zimachokera mbali iti. Chuma chanu n'chimenecho, ndipo ambiri a inu simukuchigwiritsa ntchito.

Choyamba, lekani kuyendayenda. Dambo la Elephant Marsh ndi lalikulu zedi. Layala kuchokera kumunsi kwa Chikwawa mpaka ku Chiromo, ndipo pamene linalembedwa m'kaundula wa madambo ofunika pa dziko lonse pansi pa pangano la Ramsar mu 2017, malo ake anaposa mahekitala 61,000. David Livingstone atadutsa mu 1859 analemba kuti anaonamo njovu pafupifupi 800, n'chifukwa chake dzinalo. Njovuzo zinatha kalekale, koma mbalame za m'madzi zilimobe zikwizikwi. Kumunsi kwa Nsanje kulinso dambo la Ndinde. Munthu wofuna kuona zonsezi mwezi umodzi sadzabwera ndi chithunzi cholozeka. Sankhani thamanda limodzi, kapena khonde limodzi la dambo lomwe mungafikeko pa njinga dzuwa lisanatuluke, ndipo muzipitako kawirikawiri mpaka mudziwe mtengo umene nkhwazi imakhala, kachilumba komwe abakha amaothera dzuwa, ndi ngodya yomwe amathawira akadzidzimuka. Maulendo oyamba foni ikhale m'thumba. Ndikudziwa kuti zimenezi simuzikonda, koma mbalame yomwe simunaiphunzire ndi maso simungaigwire ndi galasi.

Ndiye muwadziwe eni dambo. Wochuluka kuposa onse ndi chipweyo cha nkhope yoyera, cha miyendo yaitaliko, choima chilili ngati chili pa perete, chimene chimaimba kamluzu katatu chikamauluka. Mwachimvapo usiku chikudutsa pamwamba pa mudzi, chifukwa nthawi zambiri chimadya usiku, m'madambo osaya ndi m'minda ya mpunga, masana n'kumapuma m'magulu. Chili ndi khalidwe limodzi lokoma pa chithunzi: ziwiri zimayandikana n'kumakonzana nthenga za kumutu ndi m'khosi. Mukaona ziwiri zasendererana, konzekani. Pali mbale wake wofiirira thupi lonse, wopanda choyera kumaso, amene amakonda kukhala pamadzi kuposa pamtunda. Pali bakha wamkulu wa khosi lamawangamawanga, amene mwamuna wake ali ndi chotupa chakuda pamwamba pa mlomo. Chotupacho chimafufuma nyengo ya mvula, nthawi yoswana, ndiye ngati mukufuna chioneke bwino musamufune mu Ogasiti. Tsekwe mumamudziwa nonse, wamkulu kuposa abakha onse a mu Africa, wa chisonga pa phiko, ndipo ndi wochenjera kuposa onse: amakuonani inu musanamuone.

Koma amene ine ndimamuika patsogolo ndi kabakha kakang'ono kokhala pakati pa maluwa a kakombo, kamene mabuku a mbalame amakatchula African pygmy goose. Kamsana kobiriwira, nthiti zofiirira ngati dothi la katondo, ndipo kamwamuna kali ndi nkhope yoyera ndi kamlomo kachikasu. Kamadya njere za kakombo, choncho komwe kulibe kakombo musakafuneko. Kakhoza kukhala patsogolo panu penipeni inu osakaona, chifukwa kakangoima pakati pa masamba kamasowa. Funsani amayi amene amakumba nyika, mizu ya kakombo, chaka cha njala. Iwo amadziwa mathamanda onse a kakombo kuposa wina aliyense wolemba mabuku, ngakhale kuti amawadziwa chifukwa cha mavuto osati chisangalalo, ndipo muzikumbukira zimenezo powafunsa.

Abakha a kuno si a m'mapaki a ku London, amene amathamangira munthu kudzapempha buledi. Athuwa amasakidwa ndi misampha, malegeni ndi mifuti, ndipo kwa iwo munthu woima ndi imfa. Mukawalunjika mwachindunji, akweza makosi onse pamodzi, ayamba kuimba mluzu, kenaka phaa, dambo lonse m'mwamba. Khosi lokwera ndilo chenjezo lanu: imani pomwepo, khalani pansi, yang'anani kumbali, dikirani mpaka ayambenso kudya kapena kukonza nthenga. Kuwalondola sikuthandiza kwenikweni. Njira yoona ndi kufika iwo asanafike, kukhala kuseri kwa bango kapena kwa chulu, n'kuwalola abwere okha. Valani zofiirira kapena zobiriwira zosuluka. Jezi ya timu yanu isiyeni kunyumba. Musapite anayi. Anthu anayi sangakhale chete, wina aseka, wina foni yake ilira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo nkhono n'njosavuta poyerekeza ndi tsekwe.

Dzuwa likhale kumsana kwanu. Ngati mukujambula m'mawa, khalani kum'mawa kwa madziwo, kuyang'ana kumadzulo. Ngati ndi madzulo, tembenuzani. Zikumveka zachibwana, koma timadontho takuda tija timabwera chifukwa chojambula moyang'anizana ndi dzuwa. Muonenso mphepo. Bakha amanyamuka ndi kutera moyang'ana komwe mphepo ikuchokera, ndiye mphepo ikamakuombani kumsana, akamatera amabwera nkhope ili kwa inu, mapiko atatambasula, miyendo italendewera. Ikamakuombani kumaso, mujambula michira yokhayokha. Miyezi ya mwera, pamene mphepo imachokera kumwera masiku ambiri, mukhoza kudziwiratu dzulo lake pomwe mudzakhale.

Kutentha kwa kuno ndi mdani wina amene ojambula a kumtunda samudziwa. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene ku Ngabu ndi ku Nsanje kumapyola madigiri 40, mpweya wa pamwamba pa madzi ndi mchenga umayamba kunjenjemera dzuwa likangokwera pang'ono. Maso anu amazolowera, koma kamera imajambula kunjenjemerako, ndipo chilichonse chakutali chimatuluka chosamveka ngakhale lenzi ikhale ya mamiliyoni. Palibe batani lokonza zimenezi. Ntchito yanu ndi ya maola awiri oyamba dzuwa litatuluka, ndi ola lomaliza lisanalowe. Ikamakwana 9 koloko m'chilimwe, longedzani muzipita kukathandiza kudimba. Foninso ikatentha imazima yokha ndipo batire imatha msanga, choncho isungeni pamthunzi, muikulunge m'kansalu. Kwa ine miyezi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti: madzi akuphwa, mbalame zikusonkhana m'mathamanda otsala, kuli kozizira, ndipo utsi wa moto wa tchire sunadzaze mlengalenga.

Za zipangizo ndinena mwachidule. Kukoka chithunzi ndi zala pa sikirini sikuyandikitsa bakha. Kumangokulitsa timadontho, chithunzi n'kuphwanyika. Ngati foni yanu ilibe lenzi yachiwiri yoonera patali, isiyeni pomwe ili ndipo jambulani gulu lonse ndi malo ake, mapiri a Thyolo kumbuyo, migwalangwa m'mbali. Chithunzi chotero chikhoza kukoma kuposa cha mutu wa bakha wokha. Mukabwereka magalasi oonera patali, gunditsani kamera ya foni pa diso limodzi la magalasiwo, muwatsamiritse pa chitsa kapena pa thumba la mchenga. Poyamba zivuta, koma zimatheka. Amene wapeza kandalama asathamangire foni yatsopano. Kamera yakale yogwiritsidwapo kale ntchito, ya lenzi yofika mamilimita 300, imaposa foni yodula pa ntchito iyi. Pa mbalame youluka shata ikhale pa 1/1600 kapena kuposa. Pa yoyandama 1/500 ikwana. Lunjikani diso la mbalame, chifukwa diso likamveka bwino anthu amakhululukira zina zonse. Ndipo pa chipweyo chepetsani kuwala pang'ono musanajambule. Kamera imayeza madzi akuda ndi bango, n'kuwalitsa zonse, nkhope yoyera ija n'kupserera osaonekanso nthenga. Pa foni, dinani pa mbalameyo ndi kutsitsa kachizindikiro ka dzuwa.

Tsopano nkhani imene ndikufuna muimve ndi makutu onse. Pa YouTube mudzaona akatswiri a kunja akukuuzani kuti chithunzi chabwino cha bakha chimajambulidwa munthu atagona chafufumimba m'mphepete mwa madzi, kamera ili pa msinkhu wa diso la mbalame. Sakunama, chithunzi chotero chimakomadi. Koma m'madzi awo mulibe ng'ona. Kuno kugona chafufumimba pa gombe la Shire m'bandakucha n'kudzipereka nokha. Palinso china. Ndakuuzani kuti muzibwerera pa malo amodzi, pomwe ng'ona imaphunzira chizolowezi cha chilichonse chobwera pamadzi, kaya mbuzi kaya munthu wotunga madzi, n'kumadikira pomwepo. Ndiye malo akhale amodzi, koma pokhala penipeni muzisintha, ndipo pakati pa inu ndi madzi akuya pakhale mtunda wa mamita angapo. Khalani pa kachitunda, osati pa matope. Musalowe m'madzi kukatola chivindikiro cha lenzi. Madzi osefukira akaphwa, ng'ona zimatsala ngakhale m'timathamanda tomwe chaka chatha ana ankasambamo, choncho za chaka chatha musazidalire. Mvuu nayo imabwerera kumadzi m'mamawa kuchokera kominda, nthawi yomweyo imene inu mukufika. Njira yake imaoneka, yotakata, ya mizere iwiri, yotsikira kumadzi. Musakhale pa njira imeneyo ngakhale pakhale pokongola chotani. Za likodzo ndi malungo sindichita kukuphunzitsani; nsapato za jombo ndi malaya a manja aatali n'zotchipa kuposa chipatala.

Msinkhu wa diso la bakha uja mungaupeze m'bwato, ndipo apa ndi pomwe msodzi amakhala mphunzitsi wanu. Madoko ngati la kwa Mchacha James, ku East Bank, akhala akunyamula anthu okaona mbalame kwa zaka zambiri. Mukafika padoko musayambe ndi kutulutsa foni. Perekani moni, dzitchuleni kuti ndinu mwana wa yani wa mudzi uti, ndipo ngati ndi dera lachilendo kaonekereni kwa anyakwawa. Wopalasayo muzimuti bambo kapena achimwene, mugwirizane mtengo musanakwere, ndipo mumulipire mokwanira, chifukwa m'mawa umene wakutengani ndi m'mawa umene sanakavuule makakana ndi milamba yake. Mufotokozereni chimene mukufuna: osati kuthamangitsa mbalame kuti ziuluke, monga amachitira alendo ena, koma kusiya kupalasa patali n'kulola bwato uyandame wokha cham'mbali. Abakha anazolowera bwato wa msodzi kuposa munthu woyenda pansi, ndiye amaulola kuyandikira. Inu khalani pansi m'katikati, zigongono pa mawondo, osadzuka, osatembenuka mwadzidzidzi, manja osalendewera m'madzi. Akanena kuti uko sitipita, kuli mvuu ya mwana, nkhani yathera pomwepo. Foni ndi kamera zikhale m'kachidebe kotseka kufikira nthawi yojambula, chingwe chili m'khosi. Ndipo ngati mukufuna kumujambula iyeyo, kapena amayi ochapa padoko, pemphani. Ana osamba musawajambule n'komwe.

Ena mumandifunsa za ngalande. Ngalande zothirira nzimbe ku Nchalo, za ku Kasinthula, ndi ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme yoyambira ku Kapichira, zakopa maso a ambiri. Kunena zoona, madzi othamanga a m'ngalande yakonkire alibe chakudya cha bakha. Muyang'ane madamu osungira madzi, ngalande zotayira madzi zomera udzu, ndi malo omwe madzi amadikha. Amenewa ndi malo a eni ake, ndiye pemphani chilolezo pachipata. Munthu wobisala m'nzimbe ndi chikwama m'bandakucha saoneka ngati wojambula mbalame. Khoma la ngalande yakonkire n'loterera, ukagweramo kutuluka n'kovuta. M'masikimu a mpunga monga Nkhate ndi Muona zipweyo zimabwera zokha, ndipo madzi ake ndi osaya. Kungoti kumeneko muzisamala pakamwa. Mlimi amene wagona m'munda kuingitsa mbalame sakufuna kumva kuti n'zokongola. Yendani m'migula, musaponde mbande, ndipo mukamuthandiza kaye ntchito pang'ono adzakuuzani yekha ndime yomwe zimatera.

Chisa musachiyandikire. Zipweyo zimaikira mazira pansi, m'udzu wautali, nyengo ya mvula. Kabakha ka pa kakombo ndi bakha wa chotupa uja amakonda mphako za mitengo. Mukapatula udzu kuti muone mazira, mwatsegulira njira ng'azi, khwangwala ndi galu, ndipo make akachokapo nthawi yaitali dzuwa la kuno limapha mazira msanga. Kugenda gulu kuti liuluke ndi ulesi, ndipo chithunzi chake chimadziwika: mbalame zonse zapereka msana. Muganizirenso musanalembe pa Facebook dzina la thamanda lomwe mwapeza atsekwe ambiri. Si onse owerenga amene ali ndi kamera. Pali nyengo imene abakha amathothoka nthenga za m'mapiko zonse nthawi imodzi n'kukhala masabata angapo osauluka, atabisala m'bango. Malo oterowo ndi chinsinsi chanu.

Koma m'kope mwanu lembani zonse: tsiku, malo, nthawi, mtundu wa mbalame ndi chiwerengero chake. Ichi ndicho chimasiyanitsa wojambula ndi wongoseweretsa foni. Pa ulendo wa Livingstone uja panali dokotala wina, John Kirk, amene ankajambula zithunzi mongokonda, pa mapepala opakidwa phula ofuna mphindi zingapo kuti chithunzi chigwire. Mbalame youluka sakanaigwira. Anajambula mitengo, nyumba ndi maboti. Komabe zithunzi zakezo akatswiri amazifunabe lero chifukwa zimadziwika kuti ndi za kuti ndiponso za liti. Dambo lathuli silikhala chimodzimodzi. Mu Januwale 2015 mtsinje wa Ruo unasiya njira yake, kuzinga Makhanga, n'kuyamba kuthira madzi ndi mchenga m'dambo. Kunabwera anamondwe: Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu Malichi 2023, aliyense kusiya mchenga pomwe panali thamanda ndi kukumba thamanda pomwe panali munda. Namasupuni naye amatseka pano lero, mawa wasunthira apo. Chithunzi chanu cha zipweyo mazana awiri pa malo akutiakuti, cholembedwa tsiku, pakatha zaka khumi chidzakhala umboni umene palibe ofesi ili nawo. Mbalame za m'madzi zimawerengedwa mu Africa muno mu Januwale ndi mu Julaye, ndipo bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, lomwe linayamba mu 1947, ndi khomo loyenera kugogoda ngati mukufuna kuthandiza nawo. Pa intaneti pali eBird ndi iNaturalist, komwe mungaike zomwe mwaona kwaulere, anthu odziwa n'kukuthandizani mayina. Mukapeza mwayi wa buku la The Birds of Malawi la Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett, la 2006, muonemo kuti mtundu uliwonse unapezekapo kuti. Mwina wina mudzaupeza pomwe iwo sanaulembe.

Mukabwerako ndi zithunzi mazana atatu, musatitumizire zonse. Sankhani zitatu, zinazo fufutani popanda chisoni. Musathire mitundu mpaka madzi a Shire, amene tonse timawadziwa kuti ndi ofiirira, asanduke obiriwira ngati a ku Cape Maclear. Wa kuno aliyense adzaona bodzalo. Potumiza pa WhatsApp tumizani ngati document, chifukwa njira yanthawi zonse ija imafinya chithunzi n'kuchotsa nthenga zonse zomwe munadzukira 4 koloko. Za ndalama ndisakunamizeni: abakha salipira. Mwina malo ogona alendo adzagula chimodzi, mwina luso lomweli lidzakupezetsani ntchito yoperekeza alendo ku Lengwe kapena ku Majete, ndipo dzanja lozolowera tsekwe wouluka silivutika pa ukwati kapena pa mpira. Koma amene akulowa m'dambo chifukwa cha ndalama, ndi bwino akagule ukonde.

Chomaliza n'chakuti chigwa chino chimadya mafoni. Ina imagwera m'madzi padoko, ina imabedwa pa msika, ina imapita ndi nyumba yomwe madzi akabwera usiku. Chithunzi chokhala mu foni imodzi yokha sichinasungidwe. Zabwinozo zitumizeni ku imelo yanu, kapena kwa mbale wanu wa ku Blantyre, pamodzi ndi tsiku ndi malo ake, ndipo muchite zimenezi mvula isanayambe kugwa ku Thyolo ndi ku Mulanje.